Pichesi wa Sellah

Lolemba, 21 Julayi

Chiperoni, sabata yachiwiri. Si mvula, si dzuwa, malovu basi. Bulangete lachita chuku. Machesi akukana. Mchere wasungunuka m'botolo.

Loweruka andisudzula. Atero a Malizani, atsibweni ake a Sellah, eni mbumba. Mkazi ndinaika mu Epulo, mwana sitinamuone, ndiye mkamwini atsaliranji pamudzi pa eni? Sindikukana. Mwambo ndikuudziwa kuposa iwo. Nyumba atenge, malata atenge, ngakhale ine ndi amene ndinawasenza pamutu kuchokera pa Thyolo.

Changa n'chimodzi. Tinthambi ta pichesi wa kuseri kwa khitchini. Pansi pake ndi mbewu wamba, ya mapichesi owawa aja odya anyani. Kanthambi kapamwamba anabwera nako Sellah mu mpango, anapempha kwa mayi wina ku Bvumbwe. Mayiyo anapita, mtengo wake anaudula. Ndinamezanitsa ndekha, chipsera chake chilipo, chofika m'chiuno, ndinakweza dala kuopa mbuzi. Zipatso zake ngati chibakera. Kwina sindinazionepo.

Mlongo wanga Jean wandisungira mbande zomezanitsapo m'machubu kwathu ku Chimaliro. Zikudikira. Nthambi zimafunika kuzidula maso ake ophukira aja akadali mtulo. Akadzuka, kwatha, chaka chapita, ndipo chaka chamawa ine kuno kulibe.

Ndawaona m'mawa. Akadali mtulo. Agone.

Lachitatu, 23 Julayi

Ndakapempha. Masana, pamaso pa anthu, chipewa m'manja. Sindine wakuba.

A Malizani pakhonde, miyendo mu thumba la feteleza kuopa kuzizira. Anayamba ndi Chilomwe chakuya chija amayankhula akafuna kumveka olemera. Anandifunsa za chifuwa. Anandifunsa za mtengo wa nandolo. Ndinati atsibweni, sindinabwerere chifuwa. Ndikufuna tinthambi tochepa, tonga zala.

Akuti, “Alamu athu, katundu wa malemu satuluka pakhomo tisanalongosole. Ngakhale singano.”

Ndinati kanthambi si singano, kakachoka kena kamamera. Akuti mtengo uli panthaka, nthaka ndi ya mbumba. Ndinati nanga pamene ndinkatunga madzi kudambo kuthirira, mbumba inali kuti? Akuti tikambirana Loweruka.

Munthu woti mtengo umene anabzala moyo wake wonse ndi ndodo yake ija, ndipo nayonso siinamere.

Pobwerera, deliya wa m'mbali mwa msewu wafota, watsala mitu yakuda. Nandolo akuyoyola maluwa ndi chinyezichi, pansi pali chikasu chokhachokha. Anthu angoponda, pakamwa pali mpira wa pawailesi.

Loweruka, 26 Julayi

Palibe. Chimera sichinaume, ndiye thobwa palibe, ndiye mwambo palibe. Abale a ku Nsabwe akuti matope, njinga sizikukwera. Aimika mpaka Loweruka linalo.

Munthu kumusunga ngati mbuzi yomangidwa chifukwa cha thobwa! Ndinati phikani tiyi, tili pakati pa tiyi, tiyi watizinga mbali zonse. Anesi anandiyang'ana ngati ndatukwana m'tchalitchi.

Anesi. Mng'ono wake wa Sellah, mimba imodzi, koma Mulungu anatsanulira nzeru zonse mwa woyambayo. Nyumba ino ndi yake ndikachoka. Wayeza kale zenera ndi chitenje, ndinamuona. Mwamuna wake Blackson akuyenda pabwalo manja kumbuyo ngati kapitawo. Mkamwini mnzanga! Kwawo ku Thekerani alibe ngakhale khola la nkhuku. Sakudziwa kuti mbale imene andipatsire ine akuisunga, adzamupatsiranso iye.

Achule ayamba kulira kudambo. Mu Julayi. Nawonso apusitsidwa.

Lachiwiri, 29 Julayi

Kwafunda pang'ono, koma kukuwazabe. Choipitsitsa n'chimenechi. Madzi ndi kufunda pamodzi, mtengo umayesa nthawi yakwana.

Padzala pamera maungu. Chisoso ndi bonongwe mbali mwa bafa. Nkhono pakhoma. Linthumbu ladutsa pakhomo mzere wakuda kulowera kumtunda. Mango wa kutchalitchi anachita maluwa ambiri, tsopano ada ngati awauka, chaka chino ana adzagenda masamba.

Pichesi. Nsonga za mbali yotulukira dzuwa zatupa. Ndinakanda ndi chikhadabo. M'kati mobiriwira, monyowa. Ndinamuuza kuti ugone iwe, ukuthamangira kuti, maliro ali pakhomo. Anesi anandimva ali pamtondo. Pofika madzulo mudzi wonse ukudziwa kuti alamu ayamba kuyankhula ndi mitengo. Ndiyankhule ndi yani? Mtengo sundiyankha zopusa.

Sopo watha. Sindipempha.

Lachisanu, 1 Ogasiti

Ndinanola kampeni. Ndinanyowetsa chiguduli. Ndinaima pansi pa mtengo. Ndinati zakwana, mtengo ndi wanga, manja ndi anga.

Anesi kutulukira ndi ndowa pamutu, osaitula.

“Alamu, timitengo ta malemu mukukulunga m'kansanza mukupita nato kwa yani? Ife tili ndi ana pano. Wina akangotentha thupi musadzati sitinaone.”

Ananena mokweza, kuti amve a nyumba zakumtunda. Anamva. Mitu inasuzumira.

Ndinapinda mpeni. Osati mantha ndi iye. Koma ndikudziwa zimene zimachitikira nkhalamba yopanda mwana ikangotchulidwa dzina limenelo. Chifuwa chili mwa ana onse ndi nyengo ino. Mmodzi angogona, ndine. Jean anandiuza pafoni, achimwene, tulukani ndi dzina lanu, zina zonse zisiyeni.

Ndinamuuza Anesi kuti ufiti wanga ndi umene wakhala ukudya chaka ndi chaka mpaka madzi kuyenderera m'zigongono. Anati mwamva anthuni, avomera okha.

Kumezanitsa sanandiphunzitse munthu. Ndili mlonda pa esiteti ndinkaonera pa waya wa nazale ya makademiya, kenaka kukayesa pa mandimu, kudzicheka zala mpaka zinatheka. Lero ndi ufiti. Kuno chilichonse chofuna kuleza mtima ndi ufiti.

Lamulungu, 3 Ogasiti

Dzulo palibenso. A Malizani apita kumaliro ena ku Luchenza. Maliro a eni amathamangira, akwawo akuwaika padzuwa ngati chimera.

Duwa loyamba. Limodzi, pansonga penipeni, lofiirira ngati m'kamwa mwa mwana wa mbuzi. Lonyowa, lozyolika. Lopusa. Latulukira mvula, njuchi kulibe, lidzagwa chabe.

Sellah akanandikokera panja ndi malaya. Chaka chilichonse mwambo wake womwewo, abambo bwerani mudzaone, ngati ine ndilibe maso. Ndinkati ndaona, maluwa sadya. Ankati inu mtima wanu ndi chitsa.

Kutchalitchi sindinapite. Akayimbe okha.

Lachinayi, 7 Ogasiti

Nkhungu mpaka masana. Fakitale ikumveka koma osaoneka. Minda ya kumtunda aidulira, kwatsala zitsa zotuwa mizeremizere, ya kumunsi ikadali yobiriwira. Odulira akutsika madzulo atavala mapepala apulasitiki, zala zotupa.

Blackson ali m'gulu lomwelo. Amabwera ndi mpeni wake wokhota uja m'khwapa, kuunola pamwala wanga, osapempha. Lero waima pansi pa pichesi, kuyang'ana m'mwamba, kupukusa mutu.

“Achimwene, mtengo uwu munaulekerera. Chomera chimafuna mpeni. Tiyi tikamudula m'maondo amabwera ngati mnyamata.”

Ndinati Blackson, tiyi amathyola masamba, pichesi amathyola zipatso, ndipo iwe amakuthyola ndi mkazi wako. Usakhudze. Anaseka, akuti akuluakulu mumapsa mtima msanga.

Zaka zonsezi akudula tiyi, mutu wake unasalala pamwamba ngati munda womwewo. Mpanda wa tchalitchi anaudula m'maondo. Gwafa wa apongozi ake m'maondo. Atapatsidwa mpata angadule ndi anthu omwe kuti tifanane.

Maluwa achuluka mbali ya kumpoto. Njuchi zabwera dzuwa litang'anima pang'ono, zochepa, zaulesi. Muwale wa pamphambano wayamba kufiira, masamba ulibe. Mapeyala nawo atulutsa ngala. Chilichonse chikuthamanga chaka chino kupatula a Malizani.

Lachiwiri, 12 Ogasiti

Sindinalembe. Chifuwa. Loweruka lapitali sindinafunse n'komwe.

Anesi anabweretsa phala, kuliika pakhomo, kugogoda ndi phazi. Ndinadya. Mchere wambiri, dzanja la kwawo, Sellah nayenso ankatero. Mbale ndinabweza yotsuka, osathokoza.

Lero ndatuluka. Mtengo wonse waphulika. Azimayi opita kuchigayo akuima, ati koma ndiye kukongola, malemu akusekerera. Zaziii. Akusekerera chiyani? Duwa lililonse ndi diso limene landithawa.

Ndinazungulira kuseri. Mbali ya kumwera, kumene denga la khitchini limatchinga dzuwa, kuli tinthambi tingapo tam'munsi. Maso ang'onoang'ono, otuwa, ouma. Sitinadzuke. Ndinatiphimba ndi thumba ngati ndikuyanika, kuti mthunzi uchuluke. Ndafika pobisa mtengo wanga kwa dzuwa, pakhomo panga.

Akuti Loweruka lino ndithu. Chimera achiumitsa pamoto. Nzeru imeneyi yawatengera milungu itatu.

Tigwire mpaka Loweruka. Pamenepo ndidzapempha pagulu, akane anthu akumva.

Lachisanu, 15 Ogasiti

Ndilemba ndithu.

Ndinapita pasiteji kukachingamira Jean. Minibasi inachedwa. Tikufika pakhomo, kumwamba kuli mbee pamene panali mtengo.

M'maondo. Mosalala bwino, mopendeka pang'ono kuti madzi asakhalepo, monga amachitira ku esiteti. Ntchito yaukhondo. Chitsa chikulira madzi. Chipsera changa chili uko, pa thunthu logwa, m'matope. Wadula pansi pake. Zonse za Sellah zili pansi, zatsala m'nthaka ndi za anyani.

Blackson ali poteropo akupukuta mpeni pa buluku, akumwetulira, kudikira kuti ndimuthokoze. Akuti pafunika malo okhomapo chisakasa cha alendo, komanso wauthandiza mtengowo, ndidzaona ukamaphuka.

Zimene ndinanena sindilemba zonse. Ndinatchula amayi ake. Ndinatchula Thekerani yense. Ndinati ndiwe mpeni wovala buluku. Ndinatola mwala wonolera, Jean anandigwira mkono, anandikanikiza kukhoma, mkazi wamng'ono uja mphamvu anazitenga kuti kaya. Akuti achimwene, mawa lokha, mawa lokha.

Choipa n'chakuti sanachite mwankhanza. Akanachita mwankhanza ndikanamulemekeza. Anayesa akuchita zabwino. Chitsiru chakhama n'choopsa kuposa mfiti.

Anesi anali atangofika ndi ndowa yake. Anaima pakhomo la khitchini dzanja pakamwa. Kenaka anatola kanthambi kamaluwa, kukayang'ana, kukaponyanso.

Nthambi aziunjika kuseri kwa chimbudzi. Ana akuthyola maluwa kuika m'tsitsi. Ikuwaza.

Loweruka, 16 Ogasiti

Zatha. Ndine mfulu, akutero.

Chisakasa pamwamba pa chitsa. Mkulu wina wa ku Nsabwe anakhalira chitsacho ngati mpando, chikho cha thobwa m'manja. Zoyankhula zambirimbiri. Akuti ndinali mkamwini wabwino, wolimbikira, wosamenya. Anthu omwewo onditcha mfiti sabata ziwiri zapitazo. Kandalama m'mbale, mbale m'manja mwanga. Ndikhoza kukwatira kumene ndingafune. Zikomo kwambiri, akazi a Chimaliro akonzeke, kukubwera nkhalamba yachifuwa.

A Malizani anati ngati pali kanthu kamene mtima wanga uli napo ndinene, wailesi kapena njinga.

Ndinaimirira. Ndinati atsibweni, ndifunse pamaso pa anthu onsewa. Zinyalala zili kuseri kwa chimbudzi zija, ndi katundu wa malemu kapena ndi zinyalala? Anthu kuseka. A Malizani kuyang'ana Blackson, Blackson kuyang'ana mapazi ake. A Malizani akuti ndi zinyalala. Ndinati nenani mokweza, amve ndi Anesi, kuti mawa mwana akatsokomola pasakhale nkhani. Akuti, “Tolani, alamu. Tolani zonse.”

Ndinagwada m'matope ndi jekete la tchalitchi, anthu akuonerera. Kufukula mulu wonse. Tambiri tothyoka, topondedwa. Ta kumwera tija ndinatipeza pansi penipeni, tonyowa, makungwa osakwinyika. Kukanakhala dzuwa la Ogasiti weniweni tikanauma. Sindiyamika chiperoni, ndangolemba.

Potuluka ndinawauza kuti phazi langa silidzapondanso pano, ngakhale pamaliro a wina aliyense wa inu. Ndinanena pang'onopang'ono kuti pasakhale wonena kuti sanamve. Kumanda ndinadutsako ndekha. Ndinamuonetsa Sellah chiguduli cha tinthambi.

Njinga ndinaisiya. Ndaiwala, osati kuwapatsa.

Lolemba, 18 Ogasiti, Chimaliro

Kanyumba ka mwana wa Jean amene ali ku Joni. Fungo la mbewa. Kuno kwauma kuposa ku Changata, kwawo kwa Sellah, mphepo yokha.

Mbande za Jean. Ndinamuuza zonenepa ngati pensulo, wandisungira zina ngati udzu, zina ngati mpini. Machubu anathiramo dothi la pachulu, lolimba ngati njerwa. Ndinamuuza. Akuti mukadzamaliza kutukwana mundiuze ndikupatseni madzi osamba.

Ndamezanitsa tsiku lonse pansi pa nthochi. Maso anga sakuonanso bwino, kucheka kumodzi ndikubwereza. Zomangira ndang'amba mapepala a shuga. Tinthambi tina m'kati mwayamba kuda, ndaika dala, ndilibe tina. Anthu akwathu kubwera kudzandilonjera, kuima, kufunsa ngati ndabwera ndi malata. Ndinati ndabwera ndi timitengo. Anayang'anana. Akuno ndi aku Changata anaumbidwa ndi dothi limodzi.

Lamulungu, 31 Ogasiti

Dzuwa. Fumbi layamba. Akuotcha mapesi m'minda, utsi paliponse.

Tambiri tafa. Takuda, touma, ukakhudza kungothyoka. Tina tinathamanga kutulutsa kaduwa pamwamba pa chubu, kenaka kufota. Ndinadziwa. Mphamvu zonse kuthera kudzionetsa.

Tatsala titatu tosadziwika. Sitinafe, sitinadzuke. Ndikuthirira ndi kapu, madzi a pamjigo, pamzere ndi azimayi. Akundiseka. Aseke.

Ndikadzuka ndikumayang'ana khomo kumanzere, kumene linali kwathu. Kwathu! Taonani zimene ndalemba.

Lachitatu, 10 Sepitembala

Kamodzi. Masamba awiri opyapyala ngati makutu a mbewa, pamwamba pa chomangira, osati pansi. Ndinayang'ana kawirikawiri kuti ndisadzinamize. Pamwamba. Tiwiri tinato tapita.

Kamodzi pa mtengo wonse uja. Ndakazinga ndi minga. Nkhuku ya Jean ikayandikira ndiwo.

Sindinauze munthu. Ndinakhala pansi pomwepo mpaka Jean anabwera kudzaona ngati ndakomoka.

Loweruka, 13 Sepitembala

Foni ya Jean. Anesi. Ndinakana, Jean anangoikanikiza pakhutu panga.

Akuti njinga yanu ilipo, tikuisunga m'nyumba. Akuti chitsa chija chaphuka, mphukira zambirimbiri zamphamvu, a Blackson akuitana anthu kudzaona, akuti ananena. Kenaka mawu anatsika. “Alamu, ndiye kuti abwereranso omwe aja? A achemwali aja?”

Ndinati ayi. Abwera owawa, ang'onoang'ono, amphutsi. Mudzadye ndi amuna anuwo.

Ndinayesa foni yaduka. Kenaka ndikumva akulira, osati kulira kwa pamaliro kofuna anthu amve, kwinako. Akuti iye pamtengo paja ndi pamene ankamuonera mkulu wake. Akuti tsiku lija anali kumjigo, akanakhalapo akanaletsa. Akuti za ana zija ananena ndi mantha, anthu anamuuza kuti ndikatenga mtengo nditenga ndi mwini wake yemwe.

Mbuli. Mbuli yeniyeni. Ndinadula foni.

Lamulungu, 14 Sepitembala

Masamba anayi.

Muzu wa ku Changata uli ndi zaka, ndi wamphamvu kuposa chubu chilichonse. Mphukira imodzi yowongoka itasiyidwa, pofika Julayi ikhala ngati pensulo. Kanga kano pofika Julayi kakhala ndi nthambi yoti n'kudulako. Pa muzu ngati uja zipatso sizichedwa.

Ndangolemba mmene zilili. Sindinati ndichita.

Ndinanena pamaso pa anthu. Pang'onopang'ono, kuti aliyense amve. Ine sindibweza mawu, Thyolo yense akudziwa.

Lolemba, 15 Sepitembala

Ndamuuza Jean amuimbire. Iye, osati ine. Amuuze kuti asiye mphukira ziwiri zowongoka, zina azithyole ndi manja. Ndi manja! Amange mbuzi. Mpeni wa Blackson ukayandikira pamenepo aubise, kapena abise Blackson yemweyo.

Jean analemba pachikhatho, kuwerenga mobwereza, kenaka kundiyang'ana ndi nkhope yake ija ya amayi.

“Nanga mu Julayi akamezanitse ndani, achimwene? Poti phazi lanu lija.”

Ndinati ndikatenga njinga yanga. Njinga ndi yanga, munthu saletsedwa kukatenga njinga yake. Akuti njinga mpaka Julayi? Ndinati matayala ndi akutha, sikuthamangira.

Akusekabe kukhitchini, ndikumumva. Mkazi wopanda ulemu. Onse a m'banja mwathu ndi choncho.